Ndani anamanga linga la mu Robin Hood wa 1922?

Kalipentala_Zomba
Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso kwa inu amene mumatsata mafilimu akale a ku America. Ndaonera Robin Hood wa 1922, uja wopanda mawu, wa Douglas Fairbanks. Nkhani yake ndinkaidziwa kale, choncho maso anga anathera pa linga lija. Makoma ake ndi aatali zedi, pali mlatho wokwezedwa ndi maunyolo, ndipo mkati muli holo yoti anthu akalowamo amachepa mpaka nkhope zawo kuvuta kuzizindikira. Ine ntchito yanga ndi yamatabwa, ndiye ndikaona chinthu chotere ndimayamba kuwerengera: mitengo ingati, yazikidwa bwanji, mphepo ikawomba chimachirikiza n'chiyani. Chinthu ngati chimenechi chili ndi mwini wake, munthu amene anakhala pansi ndi pensulo n'kunena kuti khomo likhale apa, zenera likhale apo. Koma aliyense akamakamba za filimuyi amangotchula Fairbanks ndi dayilekitala Allan Dwan. Anamanga ndani? Ndipo zikutheka bwanji kuti munthu agwire ntchito yaikulu chonchi, dzina lake osamveka?

Kamera265
Si kuti anakajambulira ku England, pa linga lenileni?

Mphunzitsi_Wopuma
Ayi a Kamera, ku England sanapondeko. Linamangidwa ku Hollywood komweko, pa bwalo la situdiyo ya Pickford ndi Fairbanks m'mbali mwa msewu wa Santa Monica Boulevard. Ndi matabwa, waya ndi pulasitala, pamwamba pake penti yooneka ngati mwala wakale. Makoma ake ankafika mamita pafupifupi 27. Amene ankatsogolera ntchitoyo ndi Wilfred Buckland, mothandizana ndi Irvin Martin ndi Edward Langley.

A Kalipentala, mwafunsa za munthu woyenera, chifukwa Buckland ameneyu ambiri amamutenga kuti ndiye art director woyamba wa Hollywood, kutanthauza wokonza malo ndi maonekedwe a filimu. Anabadwira ku New York mu 1866, ndipo ntchito anaiphunzirira pa siteji ya zisudzo, makamaka kwa mtsogoleri wa zisudzo David Belasco. Belasco anali munthu wosalola zachiphamaso. Mu 1912 anaika pa siteji malo odyera ofanana ndendende ndi lesitilanti za Childs za mu New York, ndi ziwiya zake zomwe. Pa nkhani ya magetsi ndiye anali wosamala koposa: kulowa kwa dzuwa pa siteji yake kunkachitika pang'onopang'ono, anthu osazindikira nthawi imene kwada. Buckland anakhala zaka zambiri m'ntchito yotere. Pamene ankapita ku California mu 1914 kukagwira ntchito ku kampani ya Jesse Lasky, kumene Cecil B. DeMille ankatsogolera mafilimu, anali ndi zaka 48. Anafika ali mmisiri wokhwima pakati pa achinyamata amene anali atangojambula filimu yawo yoyamba m'khola la akavalo pa mphambano ya Selma ndi Vine.

Chitedze
Mawu akuti "woyamba" amandivuta. Asanabwere iyeyo anthu ankajambulira pamtetete? Panalibe makoma?

Mphunzitsi_Wopuma
Makoma analipo, a Chitedze, koma ambiri anali nsalu yokokedwa pa felemu n'kupakidwa penti. Shelefu, mapoto ali pa shelefupo, ngakhale zenera, zonse zojambula ndi burashi. Munthu akamenyetsa chitseko, khoma lonse linkagwedera. Makampani ena ankapachika chizindikiro chawo pakhoma la chipindacho, Biograph zilembo za AB, Pathé tambala, kuti wina akakopera filimuyo mwakuba agwidwe. Ndiye muli m'chipinda cha mayi amene akulira maliro, pakhoma pali tambala wa kampani. Zikuonetsa mmene ankachionera chipinda: chinali chongotchinga kumbuyo, osati gawo la nkhani.

WakuLeeds
Ndiwonjezepo za kuwala, chifukwa kwa ine m'pamene Buckland anasintha zinthu kwenikweni. Ku California masiteji ambiri analibe denga. Pamwamba ankayala nsalu yoyera yopyapyala kuti dzuwa lilowe mofatsa, ndipo kuwala kunkagwa mofanana paliponse. Chipinda cha usiku ndi cha masana zinkaoneka chimodzimodzi, nsalu ya patebulo n'kumauluzika ndi mphepo m'nyumba imene akuti ndi yotseka. Izi zinayambira kutali: situdiyo ya Edison ya 1893 ku West Orange, ija ankaitcha Black Maria, inkazunguliridwa yonse kuti itsate dzuwa.

Buckland anabwera ndi nzeru ya ku siteji yakuti kuwala kukhale ndi kochokera. Ngati m'chipinda muli nyali imodzi, mbali ya nkhope yoyang'ana nyaliyo iwale, inayo ikhale mumdima. Ankagwiritsa ntchito nyali za Klieg, zopangidwa ndi abale awiri, John ndi Anton Kliegl, ku New York. Mkati mwake munali timitengo tiwiri ta kaboni, moto n'kumadumpha pakati pake monga zimakhalira powotcherera zitsulo. Kajambulidwe kameneka kanatchuka ndi dzina lakuti Lasky lighting. Taonani dzinalo: la mwini kampani, osati la amisiri.

Wowotcherera_Kawale
Ngati ndi moto umenewo ndiye maso awo ankapweteka kwambiri. Ife ukaiwala chigoba pang'ono, usiku umadzuka misozi ili chuchuchu, m'maso ngati wina wathiramo mchenga.

WakuLeeds
Ndi momwemo, achimwene. Matendawo ankawatcha Klieg eye. Ochita sewero ambiri ankatupa maso n'kufiira, ena kulephera kugwira ntchito kwa masiku. Nyalizo zinalinso zotentha kwambiri komanso zaphokoso, ndipo phokoso limenelo linadzavutitsa mafilimu atayamba kukhala ndi mawu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Chitedze
Apa ndiye ndikutsutsa ndithu. Kuwala ndi ntchito ya wogwira kamera. Wa DeMille nthawi imeneyo anali Alvin Wyckoff. Mukuchotsa ulemu kwa munthu mmodzi woiwalidwa n'kupatsa mnzake woiwalidwanso. Komanso nkhani yotchuka ija amaikamba ndi DeMille mwini: kuti Samuel Goldfish, mmodzi wa eni kampani ya Lasky amene anadzakhala Goldwyn, anadandaula kuti eni makanema alipira theka la mtengo poti nkhope ikuoneka theka, ndipo DeMille anamuyankha kuti kumeneko ndi kuwala kwa Rembrandt, katswiri wakale wojambula zithunzi ndi penti, Goldfish n'kukondwa kuti ndiye alipira kawiri. Buckland m'nkhani imeneyo mulibe.

Mphunzitsi_Wopuma
Mulibedi, poti wokamba nkhaniyo ndi DeMille. Wyckoff sindikumulanda kanthu, anali katswiri. Koma a Chitedze, mthunzi umafuna pogwera. Simungaike mdima wokoma pa nsalu imene mapoto ake anajambulidwa ndi penti, chifukwa mthunzi wa pentiyo uloza kwina, wa nyali uloza kwina. Pamafunika khoma lenileni, ngodya, masitepe, zenera loti nyali iime kuseri kwake. Wokonza chipinda ayenera kudziwa kumene kuwala kudzalowere asanakhome msomali woyamba. N'chifukwa chake ntchito ya Buckland ndi ya Wyckoff sizilekanitsika.

Mukafuna umboni onerani The Cheat ya mu December 1915. M'nyumba ya munthu wolemera wa ku Japan, amene anasewera ndi Sessue Hayakawa, muli zitseko za Chijapani za pepala. Zitseko zimenezo anaziikamo dala kuti anthu azioneka zithunzithunzi zawo zokha kuseri kwake. Bamboyo atawomberedwa ndi mfuti amatsamira pepalalo n'kutsetsereka, magazi n'kutsala mzere papepalapo, ife tikuonera mbali inayo. Palinso pamene mwamuna wa mayi amene wolemerayo ankamufuna ali m'ndende, mthunzi wa zitsulo utagwera pathupi pake ndi pakhoma. Amene anasankha pepala m'malo mwa thabwa ndiye anapangitsa kuti zonsezi zitheke. Filimuyi itafika ku France inadabwitsa olemba ngati Louis Delluc ndi Colette, ndipo anthu ambiri kumeneko anayamba kuona kanema ngati luso lenileni.

MayiAChisomo
A Mphunzitsi, ndinaionera imeneyo ndipo kukongola kwake sindikukana. Koma tisaiwale zimene kukongolako kunkatumikira. Munthu wa ku Asia akumuonetsa ngati chilombo chimene chikusaka mkazi wachizungu, mpaka kumudinda chizindikiro ndi chitsulo chamoto paphewa. Mdima uja, zofukiza zija, zitseko zija, zonse zikuuza woonera kuti nyumba ya mlendoyu ndi yoopsa. Ajapani okhala ku America anadandaula kwambiri, ndipo poitulutsanso mu 1918 kampani inangosintha mawu olembedwa kuti munthuyo akhale wa ku Burma. Zithunzi zinakhala zomwezo. Ngati tikunena kuti wokonza chipinda amakamba nawo nkhani, ndiye avomerenso kuti nkhani yoipa anaikamba nawo.

Kamera265
Amayi, iye anangolembedwa ntchito. Nkhani sanalembe ndi iye.

MayiAChisomo
Sizingatheke kuti poyamikira akhale mwini nkhani, podzudzula akhale waganyu. Tisankhe chimodzi.

Mphunzitsi_Wopuma
Amayi a Chisomo akunena zoona, ndipo ine ndasankha: anali mwini nawo, pa zabwino ndi pa zoipa. Ndi chifukwa chomwecho ndimafuna dzina lake lizitchulidwa.

Dolo_wa_Mbayani
Koma inu mumatha bwanji kuonera filimu yopanda mawu ola lathunthu? Ife tinakulira m'mavidiyo sho momwe filimu ya Chitchaina imalankhula Chichewa, womasulira akuwonjezamo zake, holo yonse kuseka. Ya zii ine tulo.

WakuLeeds
Sizinali za zii, aise. M'makanema ang'onoang'ono munkakhala woimba piyano, m'zikuluzikulu gulu lonse la oimba. Ndipo ku Japan kunali anthu otchedwa benshi amene ankaima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza nkhani, kusintha mawu kuti akhale mkazi, akhale nkhalamba. Ena anali otchuka kuposa ochita sewerowo, anthu ankalipira kudzamva iwowo. Ndiye omasulira a kwanu ku Mbayani ali ndi anzawo akale.

Dolo_wa_Mbayani
Eee, ndiye wina atamasulira Robin Hood ameneyu ndingaonere.

Kamera265
Mafilimu a zaka zimenezo ku America alibenso mwini mwalamulo, aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito. Amene ali ndi mawu abwino ayese.

Kalipentala_Zomba
Tibwerere ku matabwa pang'ono, akuluakulu. Zimene ndikufuna kumvetsa ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Munthu ameneyu ankagwira yekha sowo ndi hamala, kapena ankangojambula? Ndipo penti ankasankha bwanji poti filimu ndi yakuda ndi yoyera?

WakuLeeds
Ankatsogolera dipatimenti yonse. Kampani ya Lasky itaphatikizana ndi Famous Players ya Adolph Zukor mu 1916, imene inadzakhala Paramount, mafilimu ankatuluka ambiri pa chaka, ndiye munthu mmodzi sakanatha. Pansi pake panali ojambula mapulani, ena ophunzira za kamangidwe ka nyumba, kenako akalipentala, opaka pulasitala, opaka penti, osoka makatani ndi osaka ziwiya. Iye ankawerenga nkhani, kukambirana ndi dayilekitala, kujambula maonekedwe, ena n'kusandutsa zimenezo mapulani okhala ndi miyeso. Dongosolo limeneli ndi limene masitudiyo onse akuluakulu anadzatsatira.

Za penti ndiye funso labwino. Filimu ya nthawi imeneyo sinkaona mitundu monga diso lathu. Chofiira chinkatuluka chakuda bii, chabuluu chinkatuluka choyera. Ndiye khoma lokongola m'maso linkatha kutuluka loipa pa chinsalu, ndipo mitundu iwiri yosiyana kwambiri inkatha kusanduka umodzi. Wopaka penti ankayenera kuganiza mmene kamera ionere, osati mmene iye akuonera.

Komanso si zonse zooneka zazikulu zimene zinkamangidwa zazikulu. Panali njira yojambula mbali ya pamwamba ya nyumba pagalasi, n'kuliimika patsogolo pa kamera kuti igwirizane ndi mbali ya pansi yomangidwa. Mu Ben-Hur wa 1925, mipando ya pamwamba ya bwalo la mpikisano wa magaleta inali kachinthu kakang'ono kolendewera pafupi ndi kamera, muli tizidole toimira anthu.

Kalipentala_Zomba
Kameneko ndiye kandisangalatsa. Ndiye kuti mzere wa kachidoleko ndi mzere wa khoma lenileni ziyenera kukumana ndendende, kamera ikasuntha pang'ono chinyengo chaoneka. Pamenepo pamafunika munthu wodziwa kuyeza.

Chitedze
Pa kukula kwa zomanga, Buckland sanali woyamba. A ku Italy anali atapanga kale Cabiria mu 1914, ndi kachisi wamkulu uja wa Moloch. Dayilekitala D. W. Griffith anamanga Babulo wa mu Intolerance mu 1916, njovu za pulasitala zili pamwamba pa zipilala, pafupi ndi Sunset Boulevard. Kumeneko mmisiri wamkulu anali Frank Wortman, kalipentala ngati inu a ku Zomba, ndipo zojambula anathandiza ndi Walter Hall wa ku England. Ngati tikulira anthu oiwalidwa, tilirenso Wortman.

Mphunzitsi_Wopuma
Tilire ndithu. Koma chimene ndimakondera linga la Buckland si kukula kokha. Linamangidwa kuti munthu alisewerere. Allan Dwan ankasimba kuti Fairbanks ataliona koyamba anachita mantha kuti limumeza, anthu aziona makoma osaona iye. Dwan anamuonetsa zimene zinabisidwamo: pogwira ndi poponda m'makoma, ndi potsetserekera pobisika kuseri kwa chinsalu chachitali chija. Mukaona Robin Hood akutsika kuchokera pakhonde la pamwamba ndi katani, akutsetsereka pamenepo. Masitepe ozungulira aja ndi omenyeranapo malupanga, mlatho uja ndi wokwera ndi unyolo wake. Chilichonse chili ndi ntchito. Filimuyi inadya ndalama pafupifupi madola 1 miliyoni, ndipo inaonetsedwa koyamba pa 18 October 1922 potsegulira Egyptian Theatre ya Sid Grauman.

Nachisale_Drama
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndinenepo za kwathu kuno. Ndinathandizapo anyamata ena kujambula filimu yaifupi ya mayi wamasiye amene walandidwa katundu ndi abale a mwamuna wake. Nyumba tinabwereka kwa munthu wina wachifundo. Titafika anyamata anangoimika kamera n'kuyamba. Ine ndikuyang'ana: kumbuyo kwa mayi wolandidwa zonse kuli firiji yaikulu, kabati yodzaza mbale zadothi za alendo, pakhoma wotchi yagolide. Ndinawapempha kuti tiime. Tinatulutsa zonse, tinasiya mphasa, ndowa imodzi ndi mpando wothyoka mwendo. Pamene panali kabati panatsala chigamba cha penti yowala kusiyana ndi khoma lonse, ndi misomali iwiri pamene panali wotchi. Anyamata ankafuna kubisa chigambacho ndi nsalu, ine ndinakana. Anthu ataonera filimuyo ambiri anatchula khoma limenelo, kuti linawauza kuti panali katundu amene wachotsedwa mayiyo asanatsegule pakamwa. Pa mayina a kumapeto analemba dayilekitala, wa kamera, ngakhale amene anatibwereka galimoto. Langa panalibe. Sindinakwiye ndi anyamatawo, sankadziwa kuti imene ndinagwirayo ndi ntchito yokhala ndi dzina. Koma zinandipweteka.

MayiAChisomo
Pepani achemwali. Chigamba chimenecho n'chimene a Mphunzitsi akhala akunena mmwambamu.

Chitedze
Pepani ndithu, koma funso langa ndi ili: dzina pa chinsalu limatsimikiza chiyani? Cedric Gibbons anatsogolera dipatimenti yokonza malo ku situdiyo ya MGM kuyambira 1924 mpaka 1956. Mu kontirakiti yake munali mfundo yakuti dzina lake lizilembedwa pa mafilimu a kampaniyo, ndipo lili pa mafilimu pafupifupi 1,500. Analandira ma Oscar 11, ndipo kachifanizo ka Oscar komweko anakajambula ndi iye, George Stanley n'kukaumba. Kodi munthu mmodzi angakonze mafilimu 1,500? Ambiri anakonza ndi anthu a pansi pake. Ndiye pamene art director anayamba kutchuka, anayambanso kuphimba anzake, monga DeMille anaphimbira Buckland.

WakuLeeds
Gibbons musamupeputse. Maonekedwe a MGM, zipinda zoyera zazikulu zonyezimira zija kuyambira Our Dancing Daughters ya 1928, anali maganizo ake, ndipo ankavomereza pulani iliyonse. Koma mfundo yanu ndaimva.

Kwa ine amene anafikitsa ntchitoyi pachimake ndi William Cameron Menzies. Anaphunzira kwa Anton Grot, wokonza malo wochokera ku Poland, ndipo ali ndi zaka za m'ma 20 anakonza mzinda wa Bagdad mu filimu ya Fairbanks The Thief of Bagdad mu 1924, pansi ponyezimira kuti nyumba zizioneka ngati zikuyandama. Pa mwambo woyamba wa Academy Awards, wopereka ma Oscar, pa 16 May 1929 ku Hollywood Roosevelt Hotel, mphoto ya ntchito imeneyi inapita kwa iye chifukwa cha The Dove ndi Tempest. Iye sankajambula chipinda chokha, ankajambula chithunzi chilichonse mmene kamera idzachionere, munthu aime pati, mthunzi ugwe pati. Pa Gone with the Wind mu 1939, mwini filimuyo David Selznick anamupatsa udindo watsopano wa production designer, woyang'anira maonekedwe onse a filimu, poti madayilekitala ankasinthana koma maonekedwe a filimu anali m'manja mwake. Moto wotentha mzinda wa Atlanta mufilimuyo anaujambula pa 10 December 1938 potentha zomanga zakale za pa situdiyo, kuphatikizapo chigeti chachikulu cha mu King Kong.

Kalipentala_Zomba
Kutentha! Ntchito ya anthu miyezi yambiri?

Kamera265
Zonse zinkathera momwemo, bambo. Malo ankafunika pa filimu yotsatira. Mzinda wa Farao wa mu The Ten Commandments ya 1923, umene anakonza Paul Iribe wa ku France, unasiyidwa n'kukwiririka mumchenga ku Guadalupe, m'mphepete mwa nyanja ku California. Akatswiri ofukula zakale akhala akutulutsamo zidutswa, ndipo mu 2017 anafukula mutu wa pulasitala wa sphinx, chifanizo cha mkango wa mutu wa munthu.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndipo Iribe ameneyo ndi amene anatenga malo a Buckland kwa DeMille. Buckland ndi DeMille anagwira limodzi kuyambira 1914, kudutsa mafilimu a Carmen, Joan the Woman, mpaka Male and Female ya 1919 ndi bafa lotchuka la Gloria Swanson. Cha m'ma 1920 anasiyana. DeMille ankafuna zonyezimira za fasho ya ku Paris, ndipo anapeza anthu ena omupatsa zimenezo. Robin Hood inali ntchito yaikulu yomaliza ya Buckland. Pamene Academy inkayamba kupereka mphoto ya ntchito imene iye anaikhazikitsa, dzina lake linali litazimirira kale pa mafilimu akuluakulu. Sanalandirepo Oscar.

Palinso china chimene chimakwirira anthu a nthawi imeneyo. Kafukufuku wa 2013 wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, anapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene America inapanga pakati pa 1912 ndi 1929, pafupifupi 70 pa 100 aliwonse anatayika. Filimu ya nthawiyo, yopangidwa ndi mankhwala a nitrate, inkaola komanso inkayaka yokha ikatenthedwa, monga zinachitikira ku nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, mu 1937. Womanga nyumba yeniyeni amasiya nyumba. Buckland zomanga zake zinkagwetsedwa filimu ikatha, ndipo filimuyo ikapsa palibe chotsala.

Dolo_wa_Mbayani
Nanga anathera kuti mkuluyu?

Mphunzitsi_Wopuma
Mathero ake ndi owawa, ndipo ndiwanena mosakometsera. Mkazi wake Veda, amene ankasewera m'mafilimu, anamwalira mu 1941. Anatsala ndi mwana wawo wamwamuna, Wilfred Junior, amene ankadwala matenda a maganizo. Pa 18 July 1946, kunyumba kwawo ku Los Angeles, Buckland ali ndi zaka 80 anawombera mwanayo, wa zaka 36, kenako n'kudziwombera yekha. Akuti ankaopa kumwalira n'kusiya mwanayo wopanda womusamala.

Dolo_wa_Mbayani
Mayo ine. Hollywood inamutaya munthu mpaka kufika pamenepo.

Namwino_BT
Achimwene, pamenepo ndikupempha tisamale. Tisatenge imfa ziwirizi n'kuzisandutsa umboni pa mkangano wathu wa mayina pa chinsalu. Ndimagwira ntchito ndi mabanja amene akusamala odwala maganizo, ndipo mantha a kholo lokalamba akuti "ndikapita ine atsala ndi yani" ndimawamva kawirikawiri, kwa anthu amene sanayandikirepo kamera. Ndi mantha enieni, ndipo kholo lotere limafunika anthu olizungulira msanga, lisanafike poganiza lokha usiku. Komanso pa anthu awiriwo, mmodzi sanasankhe kufa. Mwanayo anaphedwa, ndipo kudwala kwake sikunachepetse mtengo wa moyo wake. Tingathe kulemekeza luso la bambo ake popanda kukometsa chimene anachita. Ngati m'gulu muno muli wina amene akusenza katundu wotere, auzeko abale, a kumpingo kapena a kuchipatala, asakhale naye yekha.

MayiAChisomo
Zikomo anamwino. Mwanena zimene ndimafuna kunena.

Dolo_wa_Mbayani
Ndamva, amayi.

Chitedze
Ine pa mbali ya ntchito ndikadali pomwe ndinaima: filimu ndi ya anthu ambiri, ndipo kusaka "woyamba" kumangobala DeMille wina. Bungwe la Art Directors Guild litayambitsa Hall of Fame yake mu 2005 linaika Buckland m'gulu loyamba, pamodzi ndi Menzies, Grot, Richard Day ndi ena. Zabwino. Koma akalipentala mazanamazana amene anakwera makwerero pa linga lija sadzalowa mu holo iliyonse.

Nachisale_Drama
A Chitedze, kutchula mmodzi sikuletsa kutchula enawo. Filimu yotsatira imene ndithandize, ndidzapempha tisanayambe kuti alembe wokonza malo, wopaka penti ndi kalipentala, aliyense ndi ntchito yake. Pa chinsalu malo sasowa.

Kalipentala_Zomba
Mukadzafuna wa matabwa mundiuze, achemwali. Kachinyengo ka chidole cholendewera kaja ndikufuna ndikayese ndi foni: denga la tchalitchi laling'ono la pulayiwudi patsogolo, khoma lenileni kumbuyo. A Kamera, mtunda wake ndingauyeze bwanji kuti zonse ziwiri zioneke bwino?

Kamera265
Jambulirani panja dzuwa lili lamphamvu, foni ikhale pa choimikira chosagwedera, ndipo musagwiritse ntchito zoom kapena portrait. Kachidoleko kasayandikire kwambiri, yambani ndi mita imodzi ndi theka n'kumasuntha mpaka mizere ikumane. Chofunika kwambiri, dzuwa ligwe mbali imodzi pa zonse ziwiri, apo ayi mithunzi ikuululani.

WakuLeeds
Amene mukufuna kuonera The Cheat, ndi ya ola limodzi lokha ndipo ili pa intaneti. Imene inapulumuka ndi ya 1918 ija, ndiye mawu olembedwa akunena za munthu wa ku Burma dzina lake Haka Arakau, pamene nyumba ndi zitseko zake ndi za Chijapani monga Buckland anazikonzera mu 1915. Sakani kope loyeretsedwa bwino, chifukwa m'makope otopa mdima wonse umangosanduka phala lakuda ndipo simuona chimene a Mphunzitsi ndi a Chitedze amakanganirana.